Mapu a pa foni okha sakwanira kwa dalaivala watsopano wopereka katundu

Ndi zoona kuti dalaivala amene akuyamba ntchito yopereka katundu ayenera kudziwa kugwiritsa ntchito mapu a pa foni, koma kuno kwathu mapu okhawo sangamufikitse pakhomo la munthu. Mumzinda wa Lilongwe nambala za madera sizitsatana, moti Area 24 ili kum'mwera pomwe Area 25 ili kumpoto, ndipo mlendo akhoza kutha mafuta ambiri poganiza kuti ndi malo oyandikana. Ku Mtandire kapena ku Ndirande nyumba zambiri zilibe nambala zooneka, choncho mwini katundu amakulondolerani potchula chigayo, mjigo kapena tchalitchi. Muimbireni foni musananyamuke, mulembe zizindikirozo m'kope, chifukwa batire ikakutherani panjira mudzangozungulira pachabe.

Nkhani ya ndalama ndiyo ndikuona kuti yofunika kuisamala koposa, popeza ikasokonekera bwana amayamba kukayikira dalaivala. Ngati kasitomala akulipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, musakhutire ndi uthenga umene akukuonetsani pa foni yake, pakuti mauthenga abodza alipo. Dikirani ndalamayo ioneke pa nambala yolandirira, kenako mupereke phukusilo. Wolandirayo asayine, ngakhale atakhala mnansi wanu.

M'nyengo ya dzinja misewu yafumbi imasanduka matope, ndiye kutani makatoni ndi pulasitiki, ndipo muziyamba ndi madera ovuta kufikako m'mawa, poti mvula imakonda kugwa masana.