Mbalame ziwiri za m'dambo ndi madzi a ku Songo

Kuno ku Angónia madambo athu tinawasandutsa madimba a mbatatesi ndi kabichi, moti mwana wa ku Ulongwe akhoza kukula osaonapo mbalame zazitali miyendo zomwe Azungu amati crane. Zilipo ziwiri zomwe ndikufuna tikambe: ya chisoti cha nthenga zachikasu pamutu, crowned crane, ndi ya ndevu zolendewera kukhosi, wattled crane.

Ya chisoti siisankha. Imatola ziwala ndi njere m'minda, imagona m'mitengo, ndipo ku malo osungira nyama a South Luangwa, ku Zambia, imayenda m'magulu. Komabe kuyambira 2012 bungwe la IUCN, loona zoteteza chilengedwe pa dziko lonse, linaiyika m'gulu la mbalame zimene zili pangozi yaikulu ya kutha. Kukongola kwakeko ndiye tsoka lake: anthu amaigwira kukagulitsa, ena amaithirira poizoni poteteza mbewu.

Ya ndevu ili m'gulu lotsikirapo pang'ono, koma ine ndiyomwe ndimaidandaula. Imakumba timizu ta udzu wa m'madzi, imamanga chisa pakati pa madzi osefukira, ndipo imalera mwana mmodzi yekha. Madzi akapanda kusefukira pa nthawi yake, chaka chimenecho palibe kuswa.

Apa ndiye pamene ife a ku Tete tikulowapo. Damu la Cahora Bassa la ku Songo, lomwe linatchinga mtsinje wa Zambezi mu 1974, linasokoneza kusefukira kwa Zambezi mpaka ku Marromeu, kumathiriro a mtsinjewu, kumene mbalameyi imaswera. Madzi amatsegulidwa potsata magetsi, osati nyengo ya dzinja. Marromeu inalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, inde, koma pepala silinyowetsa dambo.

Anzathu a ku Zambia, pomanga damu la Itezhi-Tezhi pa mtsinje wa Kafue, anaikapo lamulo lotulutsa madzi m'mwezi wa Marichi kuti chigwa cha Kafue chisefukire. Sizinayende bwino zaka zonse, ndipo chitsamba chaminga cha mimosa chinalanda malo ambiri, koma mpaka lero Kafue ndi kwawo kwenikweni kwa mbalame ya ndevuyi.

A Malawi anadzera kwina. Ku nyanja ya Chilwa osaka mbalame anapanga magulu odziikira okha nyengo yoleka kusaka. Nzeru yabwino, ngakhale kuti ya ndevuyo kwawoko inatsala pang'ono kutheratu, ngakhale ku mapiri a Nyika komwe inkaswera kale.

Mukandifunsa, ndingatengere za Azambia. Mlenje tingamuletse, koma chipata cha madzi chili ku Songo.