Pemphero la mayi wodikirira khanda lodwala mtima

Atate wakumwamba, tulo tandithawa. Ndakhala pambali pa kabedi ka mwana wanga, maso ali pa makina owerenga kugunda kwa mtima wake. Anamwino anandiuza kuti mtima wa khanda umagunda maulendo 120 mpaka 160 pa mphindi imodzi, ndiye manambala akangosuntha pang'ono, wanga umakhala m'mwamba. Ndabwera kwa Inu chomwecho, ndi mantha anga omwe.

Kamtima aka munakaumba ndinu. Kanayamba kugunda m'mimba mwanga patangopita masiku ngati 22, ine ndisanadziwe n'komwe kuti ndili ndi pakati. Kukula kwake n'kongofanana ndi kachibakera kake, koma munagawamo zipinda zinayi. Madokotala ataunika apeza kabowo pakhoma la pakati pa zipinda ziwiri zam'munsi, moti magazi ochuluka akuthamangira kumapapo. N'chifukwa chake ankangoyamwa pang'ono n'kusiya bere, thukuta lili pamphumi, akupuma wefuwefu. Ine ndinkangoti ndi waulesi poyamwa. Mwana wanga ankatopa, Ambuye, ine osadziwa.

Apa ndiye pamene pakundiwawa. Ndadzifunsa kambirimbiri kuti ndinadya chiyani, ndinanyamula chiyani, ndinalakwa pati. Adokotala anandikhazika pansi n'kundiuza kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 alionse amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo kawirikawiri palibe chimene mayi analakwitsa. Makutu anamva, koma mumtima mlandu sunathe. Ndimasuleni Inuyo, pakuti ndekha ndalephera.

Akuti timabowo tina timatsekeka tokha mwana akamakula, tina timafuna opaleshoni. Sindikusankhirani njira. Ngati n'kutseka mwakachetechete, tsekani. Ngati ndi mpeni wa dokotala, dzanja lake lisanjenjemere. Dalitsani mankhwala ochotsa madzi m'mapapo, ndi mkaka uwu umene ndikufinyira m'kapu kuti udutse m'kachubu ka m'mphuno. Ngakhale ndi madontho chabe, aonekere pasikelo mawa.

Ambuye Yesu, ndakumbukira Yairo. Anagwa pamapazi anu chifukwa cha mwana wake wamkazi, munanyamuka naye, koma panjira munaima kaye chifukwa cha mayi amene anakhudza chovala chanu. Bambo uja anaima pomwepo, mwana akutha kunyumba. Kale ndinkangodutsa pankhaniyi. Lero ndikudziwa kutalika kwa mphindi zimenezo. Nanenso ndaima. Pabedi loyandikana nafe pali mayi wina amene mwana wake milomo yasanduka yobiriwira, ndipo sakulankhula ndi munthu. Mukayamba ndi iyeyo sindidandaula, koma musatipitirire.

Limbikitsani bambo a mwana wangayu, amene amalira ali kuseri poganiza kuti sindiona. Kumbukirani anamwino a usiku uno, maso awo asaphonye kanthu.

Manja anga akulakalaka kumunyamula ndi kumugoneka pachifuwa, koma mawaya ndi machubu achuluka. Ndangogwira kaphazi kake, pamene amangapo kanyali kofiira koyezera mpweya m'magazi. Kwinaku mugwire ndinu. Mundibwereke tulo ta ola limodzi, Inu amene simuwodzera mukhale maso, kuti madokotala akamadzayendera odwala m'mawa ndidzathe kumva zonse zimene adzanene.

M'dzina la Yesu Khristu. Amen.