Ku Chartwell ndinakumbukira agogo anga

Loweruka lapitali ndinatenga ana anga awiri n'kupita nawo ku Chartwell, nyumba ya Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ku Kent, pafupi ndi katauni ka Westerham. Tinakwera sitima kuchokera ku London mpaka ku Oxted, kenako takisi. Nditangoika zithunzi, ena mwa inu mwandifunsa kuti, "Mmalawi ngati inu mumakatani kunyumba ya mtsamunda?" Funso limeneli ndi lomveka, ndiye ndati ndiliyankhe pano poyera.

Malowa ndi okongola, sindinganame. Nyumbayo ndi ya njerwa zofiira, ili pachitunda, ndipo ukaima kumbuyo kwake maso amangopita ndithu, minda ndi nkhalango za Kent mpaka kumalekezero. Mkuluyu anagula malowa mu 1922 pa mtengo wa £5,000. Mkazi wake, mayi Clementine, ankaopa kuti nyumbayi idzawadyera ndalama, ndipo mantha awo anapherezera. Kuikonza kokha kunatenga zaka ziwiri, banja linalowamo mu 1924, ndipo ngongole sizinawachoke pakhosi. Mu 1938 anafika poiika pamsika. Nkhondo itatha, mu 1946, anzake achuma motsogozedwa ndi Lord Camrose anasonkherana ndalama, n'kuigula, n'kuipereka ku bungwe losamalira malo a mbiri yakale la National Trust pa mgwirizano woti Churchill ndi mkazi wake azikhalamobe. Anamwalira pa 24 January 1965 ali ndi zaka 90, ndipo chaka chotsatira zitseko zinatsegulidwa kwa aliyense.

Zipinda zambiri anaziyala monga zinalili m'zaka za m'ma 1930. Chomwe ndinakhalitsamo ndi chipinda chake chogwiriramo ntchito, cha denga lalitali la mitanda yamatabwa. Muli desiki yoti munthu azigwirapo ntchito ataimirira. Usiku anthu atagona, iye ankayendayenda m'menemo akulankhula, alembi ake akulemba, chifukwa banja lonse linkadya kuchokera m'mabuku ndi nkhani za m'nyuzipepala zomwe ankagulitsa. Kuyambira 1929 mpaka 1939 analibe udindo m'boma. Anzake a ndale ankamuona ngati nkhalamba yaphokoso yomwe nthawi yake yatha. Koma m'chipinda chimenecho ndi momwe ankasonkhanitsira ziwerengero za ndege zankhondo zomwe Hitler ankapanga, zina akumubweretsera mwakachetechete ndi anthu a m'boma momwemo monga Ralph Wigram, iye n'kumakazinena ku nyumba ya malamulo ngakhale ambiri sankafuna kumva. Munthu amene wachenjeza anthu kwa zaka zambiri akusekedwa, kenako zomwe ankanenazo n'kuchitikadi, ine ndimamupatsa ulemu wake.

Panja ndi pomwe ana anasangalala. Pali mpanda wa njerwa wozungulira dimba la ndiwo zamasamba, womwe mbali yake yaikulu anamanga ndi manja ake, ndipo mu 1928 anachita kulowa m'bungwe la amisiri omanga. Pakona ya dimbalo pali kanyumba kotchedwa Marycot komwe anamangira mwana wake wamng'ono, Mary. Mwana wanga wamkazi sanafune kutulukamo. Pali dziwe la nsomba zofiirira pomwe ankakhala pampando n'kumaziponyera chakudya, ndi kanjira ka maluwa achikasu komwe ana ake anawapatsa ngati mphatso mu 1958, makolo awo atakwanitsa zaka 50 ali m'banja. Kumunsi kuli nyumba yomwe ankajambuliramo, makoma onse ali thothotho ndi zithunzi za penti, poti pa moyo wake anajambula zoposa 500. Ngakhale mphaka alipo. Banja linapempha kuti panyumbapo pasamasowe mphaka wofiirira wa chifuwa choyera ndi mapazi oyera, dzina lake Jock, ndipo mpaka lero akamwalira wina amapeza mnzake.

Ukamayenda pakati pa zonsezi umangopeza wamukonda munthuyo. Nyumba ya munthu imatero. Imakuonetsa bambo wokonda ana, nsomba ndi maluwa.

Mtima wanga unasintha nditawerenga za mphoto ya Nobel yomwe analandira chifukwa cha zolemba zake. Chaka chake: 1953. Ndinaima chilili. Kwa Mngelezi chaka chimenecho ndi cha kuvekedwa ufumu kwa Mfumukazi Elizabeth. Kwa ife ndi chaka cha Chitaganya. Churchill anabwereranso pa mpando wa nduna yaikulu mu 1951 mpaka 1955, ndipo ndi boma lake, nduna yoona za maiko atsamunda ali Oliver Lyttelton, lomwe linamangirira Nyasaland kwa Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anthu akukana. Inde, zokambirana zinayamba boma lake lisanalowe, koma amene anakhoma msomali womaliza ndi iwo. Mafumu athu anayenda ulendo wonse kubwera kuno ku London ndi dandaulo lopita kwa Mfumukazi, koma sanaloledwe kuonana naye. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu, Philip Gomani, anaichotsa pa ufumu chifukwa chokana Chitaganya, ndipo inamwalira chaka chotsatira. Ku Thyolo anthu anaphedwa m'zipolowe za chaka chomwecho. Chingwe chimenechi chinatitengera zaka khumi kuti tichidule, kudutsa pa 3 March 1959, mpaka Chitaganya chinatha pa 31 December 1963.

Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anali msilikali wa Keyala (King's African Rifles). Anamenya nkhondo ku Burma, kunkhalango za mvula yosakata, pansi pa mbendera yomwe Churchill ankaitsogolera. Asilikali ochokera ku Nyasaland anamenyanso ndi Mataliyana ku Ethiopia, ena anapita ku Madagascar. Agogo anabwerera kumudzi ndi mamendulo, ndi chifuwa chomwe sichinawathe mpaka imfa. Pasanathe zaka khumi, boma lomwe anaikira moyo wawo pachiswe linawauza kuti tsogolo la dziko lawo liziganiziridwa ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Ndili mwana ndinkawamva akutchula mawu oti Chitaganya ngati akulavula chinthu chowawa. Ndinaima m'nyumba muja, pakati pa mayunifomu ndi mphatso zochokera kwa mafumu ndi atsogoleri a maiko, maganizo anga ali pa bambo wachikulire atakhala pakhonde la nyumba yaudzu akutsokomola.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Angelezi ndikuwamvetsa akamamukonda mkuluyu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo uyu anawaimirira mu 1940 pomwe France inali itagwa, mabomba akugwa pa London usiku ndi usiku. Chomwe sindigwirizana nacho ndi mkwiyo womwe ena anaonetsa mu 2020, National Trust itatulutsa lipoti la malo ake 93 okhudzana ndi utsamunda kapena ukapolo, Chartwell ili pamndandanda. Anthu analankhula ngati kutchula utsamunda wa Churchill ndi kumutukwana. Koma iye mwini sankabisa. Anakhalapo nduna yoona za maiko atsamunda mu 1921 ndi 1922, ankakhulupirira ulamuliro wa Britain pa maiko ena ndi mtima wonse, ndipo anatsutsa mwamphamvu zoti India idzilamulire. Kunena zimenezi ndi kungonena zomwe zinachitika.

Sindigwirizananso ndi inu abale anga amene mukuti tisamapondeko kumalo otere. Tikapanda kupita, ana athu akamvabe za Churchill kusukulu, adzamuona pa ndalama ya £5 yomwe amagulira maswiti, ndipo mbali ya agogo awo sadzaimva kwa wina aliyense. Nyumba ya banja singasenze mbiri ya maiko onse omwe mwini wake anawakhudza. Za Gomani, za Thyolo, za anyamata a Keyala ku Burma, zili m'kamwa mwathu ife. Ndipo ndaona kuti mwana amamva bwino ukamamuuza ataima pamalo pomwe munthuyo ankadyera nsima yake, osati pa sofa akuyang'ana foni.

Tisananyamuke tinakhala pabenchi moyang'ana kunyanja zing'onozing'ono za kumunsi, komwe kumasambira mbalame zakuda za makosi aatali zomwe mtundu wake ndi wa ku Australia. Ndinawafotokozera ana zonsezi, pang'onopang'ono, m'Chichewa chosakaniza. Mnyamata wanga wa zaka 12 anakhala chete kanthawi, kenako anandifunsa kuti, "Ndiye mamendulo a agogo aja ali kuti?" Ndinalibe yankho. Tili musitima pobwerera ndinaimbira mayi kumudzi pa WhatsApp. Akuti ali m'chitini cha mabisiketi, pansi pa sutikesi ya amalume, ndipo awiri mwa iwo nsalu yake inadyedwa ndi njenjete. Ndawapempha kuti awajambule mawa kukacha, dzuwa likawala bwino.