Mpando wa mkulu wa aphunzitsi sufikika msanga

Mwalemba kuti akuluakulu a aphunzitsi oyendetsa ndege m'masukulu omwe si aboma amadya bwino, koma njira yofikira pampandowo simunaitchule. Mphwanga anaphunzira kuyendetsa ndege ku South Africa. Atatenga laisensi ya CPL (yomulola kuyendetsa ndege molipidwa) pa maola 200, anayamba kuphunzitsa ngati Grade III, gawo loyambira la aphunzitsi. Ankalipidwa maola okhawo amene wauluka. Kukachita mitambo, ndege yaing'ono yophunzitsira ya Cessna 172 ili pansi, iye m'thumba muli mbee, lendi ikudikira. Anzake ambiri ankangowerengetsera maola kuti akwane 1,500 a ATPL (laisensi yapamwamba kwambiri ya oyendetsa ndege), basi n'kuthawira kumakampani a ndege zikuluzikulu. Otsalawo ndiwo amadzakhala akuluakulu, koma ntchito yawo imachuluka ya mapepala a SACAA (bungwe loyang'anira za ndege ku South Africa), kuuluka n'kumachepa. Mphwangayo za mu ofesi safuna n'kumva komwe.