Chosasuntha chiikeni pa waya, WiFi muisiyire mafoni

Abale anga a mabizinesi ndilankhuleko, nkhani iyi yandikwana. Sabata yatha ndinaitanidwa pa ofesi ina ku Limbe, makompyuta 8, printa yaikulu, makamera 4, zonsezo zikudalira WiFi ya ka router kamodzi, kabokosi kogawa intaneti, kamene anakaika pamwamba pa kabati kuseri kwa mafayilo. Abwana atakwiya, akuti netiweki yaola tisinthe kampani ya intaneti. Ine ndinangosolola waya mu chikwama, kulumikiza laptop yanga ku router komweko, zinthu nkuyamba kuthamanga bwinobwino iwo akuona. Intaneti inalibe mlandu.

WiFi ili ngati pa mjigo amwene, mpope ndi umodzi ndipo aliyense amadikira mnzake atunge, ndiye makamera aja akutunga tsiku lonse osachokapo, wa akaunti atunga nthawi yanji? WiFi ilipo mitundu iwiri, ya 2.4 GHz imayesetsa kudutsa makoma koma ndi yodzadza, ya aneba ili momwemo, Bluetooth momwemo, ngakhale microwave ya kukhitchini imaisokoneza. Ya 5 GHz imathamanga inde koma makoma athu a njerwa zootcha awiri okha yafooka kale. Pomwe waya wa Cat6 umakupatsa liwiro la 1 Gbps mpaka mamita 100, kompyuta iliyonse ndi njira yakeyake kukafika pa switch, bokosi lolumikizirapo mawaya onse, palibe zolimbirana.

Sindikuti waya ulibe mavuto ayi. Makoswe amautafuna mu siling'i ukapanda kuuika mu paipi, alandilodi ena safuna nkumva komwe zoboola khoma, ndipo tsiku loyamba ndalama imatuluka ndithu. Koma umalipira kamodzi.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi password. Mwaimata pakhoma kuti makasitomala aziona, aliyense wolowa walumikiza foni yake pa netiweki yomweyo imene pali kompyuta ya malipiro ndi ma invoisi, ngakhale mnyamata amene munamuchotsa ntchito chaka chatha akadali nayo, akhoza kungoima panja pa mpanda. Ma router ambiri ali ndi guest network, WiFi yapadera ya alendo, kuyatsa kwake mphindi zisanu sizikwana, chonde yatsani.

Ku Limbe kuja tinakoka mawaya a makompyuta, printa ndi makamera, router tinaitsitsa pa kabati nkuipachika pakhonde lamkati poonekera. Kampani ya intaneti sanasinthe, bundle ndi yomwe ija.