A PEA ndi a DEM akapuma pa ntchito, tisamangowapatsa mbuzi n'kuwaiwala

Anzanga, mwaona mmene achulukira maphwando otsanzikana ndi akuluakulu a zamaphunziro masiku ano? Lero a hedi, mwezi wamawa a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni), kenako a DEM (akulu a zamaphunziro m'boma lonse). Chifukwa chake chilipo. Ambiri mwa iwowa ndi aja analowa uphunzitsi cha m'ma 1994, ndipo tsopano akukwanitsa zaka 60, msinkhu wopumira pa ntchito m'boma.

Tikumbutsane kumene anachokera. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana anasefukira mpaka pansi pa mitengo. Boma linalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000 amene anali asanapite ku koleji, ambiri ali ndi JCE yokha. Kuyambira 1997 anayamba kuwasula kudzera mu ndondomeko yosula aphunzitsi ali pa ntchito ya MIITEP: miyezi itatu ku koleji, nthawi yotsalayo akuphunzira ali m'kalasi, choko chili m'manja. Ena mwa anyamata ndi atsikana amenewo anadzilimbitsa, analemba MSCE, anapita ku Domasi kapena ku Chancellor College, ndipo ndi amene akhala akuyendetsa mazoni ndi maofesi a maphunziro m'maboma athu.

Ntchito yawo ambiri sitiiona. Timangoona zotsatira za Sitandade 8 zikatuluka ku MANEB, zikaipa n'kuyamba kutukwana. Koma taganizirani za munthu amene ayenera kugawa aphunzitsi m'boma lonse. Aliyense akufuna sukulu ya pa tauni, pomwe pali magetsi ndi msika. Sukulu ya kutsidya kwa mtsinje, kopanda nyumba ya mphunzitsi, palibe akuifuna. Wina abwera ndi kalata ya kuchipatala, wina ndi mtchatho akuti akutsatira banja, wina wayimbitsa foni kwa bwana wamkulu. Kukana anthu otere tsiku ndi tsiku kumafuna mtima wolimba, ndipo amene amakanadi amadedwa mpaka tsiku lopuma.

A PEA nawo ndiye ndimawamvera chisoni kwambiri. Zoni yonse pa njinga yamoto, mafuta kulibe, dzinja matope. Komabe amadziwa sukulu yomwe denga linasasuka, mudzi womwe amfumu sakumvana ndi komiti ya sukulu, dera lomwe atsikana amathera Sitandade 7 n'kukwatiwa. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndi iwo anathamanga kuti ana abwerere. Namondwe Freddy atagwa mu 2023, makalasi ambiri kummwera anasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo iwo omwewo ndi amene ankakambirana ndi mafumu za malo ophunzirira ana.

Sindikunena kuti onse ndi oyera. Alipo okondera, alipo ozunza aphunzitsi ang'onoang'ono, ndipo amenewo tiziwadzudzula akadali pa mpando.

Chimene chimandiwawa n'chomwe chimatsatira phwando. Tavina, tapereka mbuzi ndi nsalu, munthu watuluka m'nyumba ya boma. Kenako malipiro aima, ndalama zopumira osaoneka. Miyezi ikutha, ena mpaka zaka, akukwera minibasi ndi ndalama za ngongole kukalondola fayilo, n'kumauzidwa kuti mubwere mwezi wamawa. Munthu amene ankasainira makalata a aphunzitsi mazanamazana akhale pa benchi kuyambira m'mawa kudikira kalaliki? Ena amamwalira asanagwire n'kobiri lomwe, ana n'kuyambanso ulendo womwewo.

Tsiku lobadwa la wantchito limalembedwa m'fayilo tsiku lomwe wayamba ntchito. Zaka 60 sizifika modzidzimutsa. N'chiyani chikuletsa kuti mapepala ake ayambe kukonzedwa kutatsala chaka, kuti mwezi womwe malipiro aima penshoni iyambe kulowa? Bungwe la aphunzitsi la TUM lilimbikire nkhaniyi mofanana ndi mmene limalimbikira za kukwezedwa pa ntchito, poti aliyense amene ali m'kalasi lero adzafika pomwepa.

Ndipo makhonsolo asataye nzeru za anthuwa. Ophunzira a m'makoleji a zauphunzitsi (TTC) akamapita kukayeserera kuphunzitsa amasowa owawongolera, mahedi atsopano amasowa wowalangiza pa za ndalama za sukulu ndi milandu ya aphunzitsi. Amene akadali ndi mphamvu aitanidwe ku TDC ya kwawo, malo okumanirana ndi kusulirako aphunzitsi a m'zoni, apatsidwe kangachepe ka mayendedwe, athandize.

Aphunzitsi opuma muli pano, munadikira nthawi yaitali bwanji musanalandire zanu?