Mwana wovutika amasowa chiyani? Harare ndi kumudzi sayankha mofanana

Mukafunsa ahedi a sukulu ku Mbare kapena ku Epworth, madera a ku Harare, kuti mwana wamasiye akusowa chiyani, amayankha msanga kuti fizi. Boma la Zimbabwe limaonanso choncho. Kuyambira 2001 pali ndondomeko ya BEAM yolipirira ana osauka fizi ndi ndalama za mayeso, ndipo mayina amasankhidwa ndi komiti ya m'dera. Cholinga n'chabwino, koma ndalama zake zimachedwa kufika, sukulu n'kumavutika, mwana n'kumaoneka ngati katundu wolemetsa. Lamulo la maphunziro la 2020 limaletsa kubweza mwana chifukwa cha fizi, komabe manyazi samachoka ndi lamulo.

Kumudzi ku Malawi fizi ya kupulayimale inathetsedwa mu 1994, nthawi ya a Bakili Muluzi, ndiye maso anatembenukira kumimba. Bungwe la Mary's Meals linayamba kudyetsa ana mu 2002, ndipo lero amayi amalawirira kukaphika phala la likuni, ana n'kumabwera ndi makapu m'manja. Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama la boma kwa mabanja osauka, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006, amaika ndalama m'manja mwa agogo kuti asankhe okha pakati pa chimanga, sopo ndi yunifolomu. Apa ndikuyamikira Malawi, chifukwa wolera mwana ndiye amadziwa pamene pakuwawa. Koma tisabise, makalasi ndi odzaza kwambiri ndipo ena amaphunzirira pansi pa mtengo.

Chomwe chimandiwawa n'chimene agogo athu a ku Mufakose ndi ku Dzivarasekwa, kuno ku Harare, amanena. Iwowa ndi ana a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ndipo dandaulo lawo ndi chikalata chobadwira. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 anavomereza kuti wobadwira muno malamulowo asanayambe kugwira ntchito ndipo amakhala muno, kholo lake lili lochokera m'dziko la SADC, ndi nzika. Koma ngati mayi anamwalira alibe chitupa, mdzukulu amakodwa, ndipo kulembetsa mayeso a Grade 7 kumakhala chintchito. Phala kapena fizi sizingamasule mfundo imeneyi.

Mwana mwini wake safunsidwa kawirikawiri. Mtsikana angakuuzeni za mapadi ndi nsapato, komanso kuti asamaitanidwe "wa BEAM" pamaso pa anzake.

Ine ndikanakonda komiti ya BEAM ikamalemba dzina la mwana, izifunsanso za chikalata chake. Chikapanda kupezeka, mmodzi wa ife a kumpingo kapena a gulu lothandizana pamaliro aperekeze agogowo ku ofesi ya kalembera ku Makombe Building.